Kutsata mng'alu mpaka ku Karonga

Wochoka ku Lilongwe kupita ku Karonga ali ndi njira ziwiri. Ya anthu a changu ndi ya kumtunda, yodzera ku Kasungu, Jenda ndi Mzuzu: ukwera basi madzulo, ugona chokhala, kukamacha uli kale pakati pa minda ya mpunga. Inayo ndi ya kunyanja, yofuna munthu woleza mtima, wosayang'anayang'ana dzuwa. Abale atandisankha kuti ndikaimire kuchimuna pa chinkhoswe cha mphwanga, yemwe anapeza mbeta pakati pa Ankhonde, ndinatenga yachiwiriyo. Anzanga a pa mwambowo tinapangana kuti tikakumana komweko. Ine ndinali ndi changa chamumtima. Ndinkafuna kuona ndi maso zomwe akatswiri a miyala akhala akulemba, zoti nyanja yathu inakhala m'mng'alu wa dziko, ndipo mng'aluwo sunasiye kukula.

Ndinatuluka m'Kaliyeka mbandakucha, amayi a mandasi akukoleza kumene mbaula, anyamata a kabaza akupukuta mame pa zishalo. Kwathu kuno tsoka timaliyang'ana kumwamba. Mitambo ikada, aliyense amakumbukira madzi a mu Disembala 2017 omwe anasefukira m'Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale n'kutenga nyumba ndi miyoyo ya anthu. Wogula poloti amafunsa kumene madzi amadzera, amafunsa ngati malowo alibe mlandu kwa amfumu, amafunsa kutalika kwa mpopi. Sindinamvepo wina akufunsa za pansi pa nthaka. Pansi timapatenga ngati chinthu chokhacho m'tauni muno chomwe sichingatitembenukire.

Ku depoti oitanira anandilanda chikwama ndisanatchule n'komwe kumene ndikupita. "Salima, madala? Atsala awiri, tikunyamuka!" Awiriwo, monga mwa nthawi zonse, anali khamu la anthu ndi matumba a kabichi. Kondakitala anatchula K10,000, ine ndinaseka, iye anadandaula za mafuta, tinakumana pa K8,000.

Msewu wa ku Salima umayamba mwaulemu. Udutsa minda ya chimanga ndi fodya, ufika pa Chezi pomwe tomato ndi anyezi aunjikidwa m'mbali mwa msewu, mulu waukulu kuwirikiza wa pa msika wa kwathu pa ndalama yomweyo, kenako Mvera. Ukangopitirira Mvera dziko limayamba kuthawa pansi pa matayala. Makutu amatseka, juzi imayamba kulemera, malambe amatulukira mmodzimmodzi. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja ya mchere, pomwe madzi a nyanja ya Malawi sakwana mamita 500. Mtsetse umenewu sunakumbidwe ndi mvula yokha. Ndi m'mphepete mwa dziko lomwe linatitimira.

Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire wobwerera kwawo kuchokera kowona adzukulu ku Area 23. Titagawana nthochi ndinawafunsa ngati analipo chaka cha chivomezi chija.

"Iii, bambo, mwandikumbutsa kutali," anatero. "Ndinali ndi mwana wa kumsana. Pakati pa usiku kunayamba kulindima pansi pa mphasa, mbale zikugwa, nkhuku zikulira. Ena ankati nkhondo ya ku Mozambique yatipeza. Tinagona panja mpaka chimanga kucha, mvula ikutikwapula, koma m'nyumba ayi."

Linali tsiku la 10 Malichi 1989. Chivomezicho chinali ndi mphamvu yopitirira 6 pa sikelo, chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Chinayambira pakuya pafupifupi makilomita 30, ndipo chinagwedeza ndi Lilongwe yomwe. Komabe funsani achinyamata a m'minibasi imeneyo, omwe maso anali pa mafoni: kwa iwo 1989 ndi nthano.

Chomwe chinagwedeza mphasa ya mayiwo n'chachikulu kuposa Salima. Chigoba cha miyala chomwe chinakuta dziko lapansi si chimodzi chathunthu. Ndi zibenthu zikuluzikulu zomwe zikuyenda. Lilongwe ndi Zambia zili pa chibenthu chotchedwa Nubia. Tsidya la nyanja, chigawo cha Niassa ku Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania, lili pa chibenthu chaching'ono chotchedwa Rovuma, chomwe malire ake a kum'mawa ali pansi pa nyanja ya mchere kufupi ndi gombe la Cabo Delgado. Zipangizo za GPS zimaonetsa kuti ziwirizi zikutalikirana ndi milimita 1 kapena 2 pachaka. Mwana wobadwa lero akadzafika zaka 80, tsidya lija lidzakhala litasuntha pafupifupi kutalika kwa chikhatho chake. Vuto ndi lakuti miyala siyenda mosalala. Imagwirana, imakakamira, mphamvu n'kumaunjikana zaka mazana kapena zikwi, mpaka tsiku lina imaphonyoka kamodzi.

Kumwera kwa Salima, m'munsi mwa mapiri a Dedza, cha ku Mua ndi Golomoti, kuli mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. M'malo ena chitunda chake chimapitirira mamita 10, ndipo anthu amalima ndi kudyetsa mbuzi pamenepo osadziwa kuti akwera chipsera cha zivomezi zakale. Akatswiri amati ukanati uphonyoke wonse pakamodzi, mphamvu yake ikhoza kupitirira 7. Zoterezi si zachilendo m'chigawo chathu: mu Febuluwale 2006 chivomezi cha 7.0 chinang'amba nthaka ku Machaze, pakati pa Mozambique. Kuchoka ku Mtakataka kufika ku Kaliyeka, kuwongola monga iulukira mbalame, sipakwana makilomita 100.

Pa Kamuzu Road, ku Salima, kunali kutentha kothyola khosi. Njinga za kabaza zinali ngati zachuluka kuposa anthu, iliyonse ndi mpando wa nsalu yowala ndi dzina la mwini wake kumbuyo. Ndinafunsa mnyamata wina pokwerera galimoto za ku Nkhotakota. Sanayankhe msanga. Anayamba wandipatsa moni, nandifunsa za kumene ndachokera ndi za anthu omwe ndawasiya, kenako n'kundiperekeza mpaka pa siteji osapempha kanthu. Ku Lilongwe tinazolowera kuponya funso ngati tikulipira ngongole, ndipo wokulozera njira amakuyang'ana m'thumba.

Msewu wa kunyanja umayenda m'dziko lathyathyathya, mapiri ali kumanzere, madzi akubisala ndi kuonekera kumanja. Pa mlatho wa Chia galimoto inaima yokha, dalaivala osauzidwa. Anyamata anatizungulira ndi chambo, kampango ndi mlamba zomangidwa pa luzi. Chambo zitatu zomwe ku Kaliyeka ukanazilota pa tsiku la malipiro lokha, pano zinali pa mtengo wa nkhuku imodzi yaing'ono, ndipo wogulitsa anali wokonzeka kutsikabe. Dalaivala anamangirira nsomba za apaulendo pa magalasi a m'mbali kuti ziziwombedwa ndi mphepo, tinapitirira galimoto itavala ndolo.

Ku Nkhotakota ndinagona pa nyumba ya alendo ya mayi wina wa Chisilamu, yemwe anandiphikira mpunga wa nazi ndi chambo chootcha, nakana kuti ndidye ndekha: anaitana mwana wake wamwamuna kuti adzakhale nane pa mkeka. M'mawa mnyamatayo anandiperekeza ku Mawira, kumene madzi otentha amatumphuka pansi. Ndinapeza amayi akuchapa, ana akusamba, nthunzi ikukwera pakati pa udzu. Palibe amene anali kudabwa. Mayi wina anandiseka poona ndikuyesa madziwo ndi chala. "Achimwene, kwanu mumagula makala kuti musambe ofunda? Ife Mulungu anatikolezera kale."

Wakoleza motowo ndi mng'alu womwewo. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala, amatsika kukafika kumene nthaka ili yotentha, kenako amapeza mng'alu wina wokwerera. N'chifukwa chake akasupe otentha a m'Malawi anandanda m'mbali mwa chigwachi: Liwonde, Nkhotakota, mpaka Chiweta, kumene madzi amayandikira madigiri 80. Ndili chiimire pamenepo ndinaona kuti nkhani ya mng'alu si ya mantha okha. Popanda iwo sipakanakhala nyanja, chambo, usipa, madambo a mpunga, ngakhale madzi ofunda a mayi uja. Dzanja lomwe limatipatsa ndi lomwelo limene limabwera kudzagwedeza khoma.

Kuchoka ku Nkhotakota tinadutsa nzimbe za ku Dwangwa, mchenga woyera wa ku Kande ndi Chintheche, ndi nkhalango ya mitengo ya mphira ku Vizara, kumene ana amathamangira galimoto akudundulitsa mipira yoluka okha. Chichewa chinayamba kuchepa m'galimoto. Wokwera aliyense ankati "Mwe uli?" ndipo galimoto yonse inkayankha. Atonga ndi anthu a ukhondo ndi ovala bwino. Mkulu wopita kukagula sopo pa golosale amatchena ngati akupita ku khoti. Ku Nkhata Bay ndinadya kondowole ndi batala. Munthu wa ufa woyera ngati ine amavutika ndi mbamu yoyamba, chifukwa kondowole satafuna, umangomeza. Mtsikana woperekera zakudya anandiyang'ana nkhondo yanga ili mkati, nandibweretsera msuzi wina osandiuza kanthu.

Tauni ya Nkhata Bay ilibe malo athyathyathya okwana mabwalo a mpira awiri. Nyumba zinakwerana pa zitunda, ndipo ukayenda pang'ono m'madzi, pansi pamatha. Apa ndi pomwe ndinakwera Ilala, sitima yomwe inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Ndinagula tikiti ya pansi, kwa anthu wamba, pakati pa matumba a ufa, malata, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo ndi makatoni a sopo. Malo okhala ndi omwe wawapeza. Mayi wina anasuntha dengu lake kuti ndiike mwendo, ndipo pofika nthawi ya tiyi tinali titadziwana mayina a ana.

Kumpoto kwa Nkhata Bay gombe limasintha mwadzidzidzi. Mapiri amatsika chiimire n'kulowa m'madzi osasiya mchenga. Minda ya chinangwa inapachikika pa malo oti mbuzi yomwe ingaganize kawiri. Madzi amachoka pa kubiriwira n'kufika pa kuda. Ndinaima m'mbali mwa sitima ndi mkulu wina wa ku Usisya, wovala jekete ndi tayi dzuwa lili pamutu. Anandiuza kuti pamenepo palibe msodzi amene anafikitsapo chingwe pansi. Anali kunena zoona. Chigawo chimenechi ndiye chozama koposa pa nyanja yonse, mamita pafupifupi 700. Ndiye kuti pansi pake pali mamita oposa 200 kunsi kwa mlingo wa nyanja ya mchere, pakati pa Africa.

Chigwachi sichinatitimire mofanana mbali zonse. Chili ngati bedi lothyoka miyendo ya mbali imodzi: kothyokako kumagwa pansi, kwinako kumangopendekeka. Pakati pa nyanja mbali yothyoka ndi yathu ino, kumene kuli ming'alu ya Usisya, n'chifukwa chake phompho ndi madzi akuya zili pa khomo la anthu a ku Usisya ndi Ruarwe. Kumpoto zinatembenuka: mng'alu waukulu, wa Livingstone, uli ku Tanzania, ndipo Karonga ndi mbali yopendekeka. Kumwera zinatembenukanso, mng'alu waukulu uli cha ku Metangula ku Mozambique. Munthu akadziwa zimenezi, gombe limayamba kuwerengeka: pomwe pali mchenga wautali ndi madambo, phompho lili tsidya linalo.

Ndinafunsa mkuluyo ngati kwawo kumagwedezeka. Anati kawirikawiri, pang'onopang'ono, kokwanira kugwedeza madzi mu ndowa. "Makolo athu ankati ndi Chiuta akufunsa ngati anthu ake alipo onse. Anthu ankayankha mofuula, amayi n'kumamenya misi m'mitondo kuti amve kuti tilipo." Anaseka, nakonza tayi. "Inu a sukulu mumati ndi miyala. Chabwino. Koma kuyankha tiziyankhabe." Sindinamutsutse. Mwambo womwe umadzutsa mudzi wonse, kuutulutsa panja ndi kuuwerenga mmodzimmodzi ndi wanzeru kuposa kugona chete kwa ife a m'tauni.

Ming'alu ya pa mtunda munthu amatha kuikwera ndi kuiyeza. Ya pansi pa madzi imafuna makutu. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University anayamba kuimvetsera pa ntchito yotchedwa Project PROBE. Mu 2015 gulu lina, lotsogozedwa ndi a ku Lamont-Doherty Earth Observatory ku America pamodzi ndi nthambi ya boma ya Geological Survey ya ku Zomba ndi anzawo a ku Tanzania, linabwereka sitima yonyamula katundu, dzina lake Katundu, pa kafukufuku wotchedwa SEGMeNT. Anaikamo makina otulutsa mpweya mwamphamvu m'madzi kuti pamveke kuphulika, ndipo kumbuyo ankakoka chingwe chachitali chodzaza ndi timakutu ta magetsi. Phokoso likalowa m'matope a pansi limabwerera, gawo lililonse pa nthawi yake, kompyuta n'kujambula chithunzi cha zomwe zili m'kati. Zipangizo zina zomva kugwedezeka anazimiza pansi pa nyanja n'kuzisiya kumeneko kwa kanthawi.

Anapeza matope okhuthala makilomita 4 ndi kuposa, omwe mitsinje yakhala ikuthira m'dzenjeli kwa zaka mamiliyoni, ndipo matopewo ndi odukaduka ndi ming'alu yambiri. Ina imafika mpaka pamwamba penipeni pa matope a posachedwa, umboni woti ikuyendabe. Liwiro lake analidziwa mwa njira yosangalatsa. Mu 2005 akatswiri ena anaboola pansi pa nyanjayi ali pa chombo cha Viphya, natulutsa matope osonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika mamita oposa 500. Nthaka yomwe inauma nthawi imeneyo inasiya mzere wooneka bwino, womwe unakwiririka madzi atabwerera. Pomwe mng'alu wadula mzerewo, mbali ina ili m'munsi kuposa inzake. Ukayeza kusiyanako n'kugawa ndi zaka 75,000, wadziwa mmene mng'aluwo ukuyendera. Sitima yathu inali kuyandama pamwamba pa zonsezi, ife tikukangana za mtengo wa chigoba cha usipa.

Pa Usisya palibe doko. Sitima inaima patali, maboti aang'ono anatsitsidwa, ndipo katundu anayamba kuyenda dzanja ndi dzanja: matumba a simenti, malata, mafelemu a mazenera. Anthu ankalumphira m'madzi ofika m'chiuno, ana atakwezedwa pa mapewa. Mkulu wa tayi uja anavula nsapato, napinda buluku mosamala, nanditsazika ndi manja awiri. Simenti yomwe yayenda ulendo wotero imafika itakwera mtengo, ndipo womanga amaitambasula kuti ikwane khoma lonse. Ndinayang'ana nyumba zatsopano za njerwa zomwe zinali m'munsi mwa phiri, pa kachidutswa ka mchenga ndi miyala komwe mtsinje unasiya, ndinadzifunsa kuti m'makoma amenewo muli simenti yochuluka bwanji.

Tinafika ku Chilumba kutada. M'mawa galimoto yaing'ono inatitenga anthu ochuluka kuposa mipando, kudzera pa Uliwa, Nyungwe ndi Ngara. Dziko linatambasuka: minda ya mpunga, migwalangwa, ng'ombe zonenepa, nthochi kuzungulira nyumba iliyonse. Kutsidya kwa madzi kunaima khoma la mapiri a Livingstone, lokwera mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja, lowongoka ngati wina analidula ndi mpeni. Kumanzere kwa msewu kuli zitunda zotuwa zomwe kusuntha kwa nthaka kunazikweza, mvula n'kuzivundukula. Ku Uraha, m'zitunda zoterezi, kunapezeka mu 1991 chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo ku nyumba yosungira zakale ya pa boma la Karonga kuli chifanizo cha mafupa a chinyama cha Malawisaurus. Mng'alu umakwirira, mng'alu womwewo umafukula.

Pa Karonga njinga ya kabaza amaitcha kago, ndipo ndi imene inandifikitsa kwa asewele. Ulemu wa Ankhonde umachititsa manyazi munthu wa m'tauni. Moni wake ndi wautali, wobwerezabwereza, "Mwaghona" ndi "Ndagha" kusinthanasinthana, amayi atagwada patali, mawu ali pansipansi. Anatipatsa mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi chambiko chozizira. Pa zokambirana tinasiyana miyambo. Ife a ku Lilongwe tinazolowera tambala ndi thadzi, mkamwini n'kukamanga kwa mkazi. Kuno nkhani ndi ya ng'ombe, ndipo mkazi ndiye amatsata mwamuna. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, mbali zonse zikuseka ndi kuumirira, mpaka tinamvana.

Usiku, tili pa khonde, ndinafunsa asewele za 2009. Nkhope zinasintha, ndipo aliyense anali ndi yake yonena. Ku Salima chivomezi chinabwera n'kupita. Kuno chinakhazikika. Pa 6 Disembala kunagwedeza cha 5.8, pa 8 Disembala cha 5.9, kenako usiku wa pa 19 kulowa pa 20 Disembala kunabwera chachikulu, cha 6.0, ndi zing'onozing'ono zosawerengeka pakati pake. Anthu 4 anafa, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. "Asewele, Khirisimasi tinadyera pansi pa mango," anatero bambo a mtsikana. "Nyumba ili apo, chitseko chotsegula, koma wolowamo ndani? M'munda mwanga munatuluka mchenga ndi madzi pomwe panalibe chitsime." Anati ambiri anapulumuka chifukwa zoyambazo zinali zitawatulutsa kale panja.

Akatswiri nawo anadabwa. Aliyense ankayang'ana mng'alu waukulu wa kutsidya, koma zithunzi za setilaiti, zomwe Juliet Biggs ndi anzake anaziunika, zinaonetsa kuti womwe unaphonyoka ndi wina waung'ono, wosazama, pansi penipeni pa chigwa cha Karonga, womwe sunali pa mapu. Unang'amba nthaka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 9, ndipo lero umatchedwa St Mary's potengera malo a mishoni ndi sukulu omwe uli nawo pafupi. Ndi mbale wa ming'alu ija ya pansi pa madzi, kungoti uwu uli pa mtunda. Mbali yopendekeka, yomwe imaoneka yofatsa, ndi yodukaduka m'kati. Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri a ku Bristol ndi Cardiff, pamodzi ndi a Geological Survey, alemba pa mapu ming'alu yamoyo yoposa 100 m'dziko muno, ya pa mtunda ndi ya pansi pa nyanja.

M'mawa mwake malume a mtsikana, omwe ndi mmisiri womanga nyumba, ananditenga kukaona ntchito yawo. Anandionetsa khoma la njerwa ziwiri m'malo mwa imodzi, waya woyalidwa pakati pa mizere ya njerwa, mazenera otalikirana ndi ngodya, gebulo yaifupi, ndi lamba wa simenti ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko. Anati mu 2009 nyumba za makolo za nsungwi ndi udzu zinangovina n'kuima, pomwe za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, zomwe eni ake ankanyadira, zinatseguka m'ngodya, magebulo n'kugwera m'kati. Pambuyo pake boma, mothandizana ndi mabungwe monga Malawi Red Cross Society ndi UN-Habitat, linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe kotetezeka, ndipo amisiri ambiri anaphunzitsidwa.

"Zaka zoyambazo aliyense ankafuna lamba," anatero. "Lero kukubwera anyamata omwe nthawi ija anali pa msana. Amati, adada, chotsanipo zimenezo, ndalama ikwanire matailosi."

Ndinaganiza za kwathu. Mizere ya nyumba za lendi m'Kaliyeka, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, njerwa imodzi, dothi pakati, pulasitala pamwamba kuti iwoneke bwino. Womanga sagonamo, wogonamo sanafunsidwe. Madzi osefukira amatikumbutsa okha chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake timawaopa. Mng'alu umatha kukhala chete mibadwo makumi, nthawi yaitali kuposa chikumbumtima cha banja lililonse. Ngati Karonga, yomwe inagona pansi pa mango mu 2009, yayamba kale kuiwala, ndiye Lilongwe, yomwe inangomva mbale zikulira mu 1989? Chinthu chobwera patalipatali chotere sungachisunge m'mutu. Chimasungidwa m'khoma, m'malamulo a khonsolo, m'maphunziro a amisiri ndi a ana a sukulu. Ndipo lamba yemweyo ndi amene amagwira denga mphepo ikawomba, amagwiranso khoma madzi akafewetsa maziko.

Ndinapempha mmisiriyo kuti andiwerengere mtengo wa lamba pa nyumba ya zipinda zitatu. Anatola kamtengo nalemba pa dothi: matumba a simenti, zitsulo, miyala, matabwa, ntchito ya manja. Ndalama yonse sinafike pa yomwe mabanja awiriwa anawononga pa zakudya, zovala ndi zokuzira mawu za chinkhoswe. Madzulo ake, nthawi ya malangizo itakwana, akuluakulu anauza mphwanga ndi mkazi wake za ulemu, za kupirira ndi za kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Itafika nthawi yanga ndinabwereza zomwezo monga mwa mwambo, kenako ndinawonjezera langa: poloti ija mwagula ku Area 25, musadzakhome malata mmisiri asanathire lamba, ngakhale zitatanthauza kukhala chaka china pa lendi. Anthu anaseka, poganiza kuti malume a ku Lilongwe atha mawu. Mmisiri uja yekha anawomba m'manja.